Chishalo cha Violet ndi chitsulo cha kumwendo kwanga

 Lero ndabwera ndi nkhani ya buku lachingerezi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kukwinya nkhope. Lezani mtima. Ulendowu uyambira ku America, koma ukathera pakhomo pathu, pa chinenero chathu ndi nthano zathu.

Ndine mayi wa zaka 46. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndakhala mu Johannesburg zaka 14. Ndimasoka zovala m'kachipinda ka lendi pakati pa tauni, kogona ndi ku Rosettenville. Ndili ndi zaka zitatu ndidadwala poliyo, mwendo wakumanja n'kufota, kotero chiyambire ndimayenda ndi ndodo imodzi komanso chitsulo chomanga ndi malamba kuchokera m'ntchafu kukafika kuchidendene. Ndanena izi poyambirira kuti mudziwe mpando umene ndakhalapo polankhula.

M'nyengo yozizira ya chaka chatha, mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira unamwino konkuno, adandibweretsera buku lonenepa lotchedwa Fourth Wing. Adati, "Azakhali, muwerenge ili, mukapezamo munthu wonga inu." Mawuwo adandifoola. Kuyambira ndili kusukulu, wina akandipatsa buku la "munthu wonga ine", mumakhala kamwana komvetsa chisoni kamene kamafa patsamba lomaliza kuti owerenga aphunzire kuyamika Mulungu chifukwa cha miyendo yawo. Ndidaliika pansi pa mulu wa nsalu, n'kukhala pomwepo masabata awiri. Lamulungu lina, chisanu chitandikaniza kutuluka, ndidalitsegula kuti ndidzangopeza chomuyankha mtsikanayo. Masamba pafupifupi 500 ndidawamaliza usiku unayi, ndipo usiku wachiwiri nyemba zidapserera pamoto ine ndili m'mwamba, pamsana pa chinjoka.

Kwa amene simudalione, ndifotokoze pang'ono popanda kuulula mathero. Mlembi wake ndi Rebecca Yarros, mayi wa ku America, ndipo lidatuluka mu 2023. Pambuyo pake padabwera Iron Flame chaka chomwecho, ndi Onyx Storm mu 2025. Ndi nthano yaitali yosakaniza chikondi ndi zamatsenga, yochitikira m'dziko longopeka mmene asilikali amamenya nkhondo atakwera zinjoka zouluka, zolavula moto. Mpangankhani wamkulu ndi Violet Sorrengail, namwali wa zaka 20 amene adakonzekera moyo wake wonse kudzakhala mlembi wosunga mbiri ya dziko. Mayi ake, omwe ndi mkulu wa asilikali, adamukakamiza kulowa gulu la okwera zinjoka pa sukulu ya nkhondo ya Basgiath, kumene ophunzira ambiri amafa chaka choyamba chisanathe.

Thupi la Violet ndi losalimba. Mfundo za mafupa ake zimaguluka msanga, mafupa amathyoka pamene a anzake angangobinya, ndipo ululu ndi mnzake wa tsiku ndi tsiku. Asanapite kolimbana ndi anzake amayamba wakulunga mawondo ndi nsalu. Bukuli silitchula dzina la matendawa, koma mlembi wanena poyera kuti adatengera matenda amene iye mwini ali nawo, otchedwa Ehlers-Danlos, obadwa nawo, amene amafooketsa minyewa yogwiriziza mafupa, khungu ndi mitsempha. Si matenda anga. Mwendo wanga suguluka, ungokhala wopanda mphamvu. Koma nditawerenga za kukulunga mawondo m'mamawa anzake asanadzuke, ndidayang'ana malamba a chitsulo changa ali pampando, ndipo ndidadziwa kuti wolemba izi sadachite kumva kwa ena.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi amuna awiri a m'nthanoyi. Woyamba ndi Dain, mnzake wa Violet kuyambira paubwana. Amamukonda, ndipo chikondi chakecho ndi cha kumuteteza. Mpata uliwonse ukapezeka amamuchonderera kuti athawe, abwerere kwa alembi, chifukwa ku Basgiath akafa. Wachiwiri ndi Xaden Riorson, mwana wa mtsogoleri wa oukira boma, amene ali ndi chifukwa chokwanira chodana ndi banja la Sorrengail. Iyeyu samunyengerera. Amaona kufooka kwa thupi lake bwinobwino, sakubisa, koma funso lake limakhala lakuti: popeza thupi ndi ili, tichite chiyani kuti ntchito igwirike? Ndikhulupirira kuti aliyense waulumali amene akuwerenga mawu anowa amawadziwa a Dain a pamoyo wake. Ndi anthu abwino, otikonda, amene amatilanda chidebe m'manja tisanapemphe, amatiyankhira mafunso tili pomwepo, ndipo amatitsekera m'nyumba ndi kiyi wa chifundo.

Tsono pali nkhani ya chishalo. Violet atasankhidwa ndi chinjoka chachikulu chotchedwa Tairn, vuto lidabuka lakuti okwera zinjoka amakhala pamsana popanda chomangira, amangodalira mphamvu ya ntchafu zawo. Iye adalibe mphamvu imeneyo, ndipo chinjoka chikakhota m'mwamba ankagwa. Mlembi akadafuna, akadabweretsa sing'anga wamatsenga kuti amulimbitse mafupa mpaka kalekale, pakuti m'dziko limenelo amatsenga olumikiza mafupa othyoka alimo. Sadatero. Xaden, pogwirizana ndi Tairn, adakonzetsa chishalo cha malamba. Poyamba Violet adachita nacho manyazi, poopa kuti anzake aziti sali wokwera weniweni. Pambuyo pake adakhalapo, nadzimanga, nauluka.

Ndime imeneyi ndidaiwerengera mu takisi, pobwerera kunyumba madzulo, ndipo ndidaseka mokweza mpaka mayi amene adakhala pambali panga adandicheukira. Ndidaseka chifukwa manyazi amenewo ndikuwadziwa. Ndili mtsikana ndinkasoka masiketi ofika pansi kuti chitsulo chisaoneke, ndipo paukwati wa mng'ono wanga ndidabisa ndodo kuseri kwa chitseko pojambulitsa, ngati kuti mudzi wonse sunkadziwa mayendedwe anga. Makina anga osokera ndidasunthira chopondera chake kumanzere, ndipo kwa zaka zambiri kasitomala akalowa ndinkaphimba miyendo ndi nsalu. Palibe buku, ulaliki kapena msonkhano wa bungwe umene udandiuzapo momveka ngati mmene kachishalo kameneka kadandiuzira, kuti chida chimene chimakufikitsa kumene ukupita sichichotsa kanthu pa ulendo wako. Wafika ndiwe.

Apa ndiye ndifike pakhomo pathu. Ndakhala ndikusinkhasinkha nthano zimene agogo ankatisimbira madzulo, ife tikuvomera kuti tili tonse, komanso masewero a pawailesi ndi maumboni a m'matchalitchi amene ndakula ndikumva. Munthu waulumali amalowamo kudzera pa makomo atatu. Khomo loyamba ndi la temberero: walumala chifukwa makolo adalakwira mwambo, kapena wina adamulodza, kapena iye mwini ndi mfiti. Lachiwiri ndi la mayeso: nkhalamba ya zilonda kapena wakhungu wa m'mbali mwa njira amangoikidwa pamenepo kuti tione ngati mtsikana wodutsayo ali ndi mtima wabwino, ndipo akatha ntchito yakeyo sitimvanso za iye. Lachitatu ndi la kuchira: mnyamata wa mphere kapena wolumala amakwatiradi mwana wa mfumu, koma usiku wa ukwati amavula khungu loipalo nasanduka wosalala. Ndiye kuti nthano imavomera kuti akondedwe pokhapokha atasiya kukhala chimene adali. Mwana wolumala womvera nthano yotereyo pamoto amapita kukagona ataphunzira kuti chikondi chili kutsidya kwa mtsinje, ndipo bwato lake ndi chozizwitsa.

Chozizwitsacho ndachidikirirapo. Kangapo konse, kumudzi ndi kuno komwe, andiitanira kutsogolo kwa mpingo, andigwira mwendo, andilanda ndodo, anthu akuimba. Nditalephera kuthamanga, mlandu udagwera chikhulupiriro changa. Sindikunyoza pemphero, ndine wopemphera. Koma Buku Lopatulika lomwelo lili ndi Yakobo, amene adachoka pa Penieli atadalitsidwa koma akutsimphina. Lili ndi Mefiboseti, mwana wa Jonatani, wolumala mapazi onse awiri, amene ankadya pagome la mfumu Davide osachira, ndipo adali ndi mwana wake dzina lake Mika. Kodi mudamvapo ulaliki wofunsa za mayi wa Mika, mkazi amene adagona nyumba imodzi ndi mwamuna wolumalayo? Ine sindidaumvepo.

Miyambi yathu ili ndi nzeru zoposa nthano zathu pankhaniyi, ngakhale nayonso ili ndi minga. Akale adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mzinda uno ndi mboni ya mwambi umenewu, pakuti ndi amuna angati a kwathu amene adabwera kumigodi pa Wenela ndi Theba ali amphumphu, n'kubwerera opanda zala, opanda mwendo, kapena ndi chifuwa chosatha? Adatinso mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambi wokoma, koma taonani kuti ukulankhula kwa mwana za ulemu woyenera mayi. Sutiuza za bambo amene adamufunsira mayi wochepa mwendoyo, kapena chimene adamuonera. Ndipo pali wina uja wakuti ukaipa dziwa nyimbo. Umenewu ndi umene timaugwiritsa ntchito mosazindikira tikamayamikira waulumali pokhapokha ali ndi luso loposa la anthu onse. Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo amene adamwalira mu 1995, timamukumbukira chifukwa cha banjo ndi mawu ake, ndipo n'koyenera. Nanga wosaona amene sadziwa nyimbo, wongogulitsa tomato, malo ake m'mitima yathu ali pati?

Inu okonda galamala, taganizirani liwu lakuti chilema. Lili m'gulu limodzi la mayina ndi chinthu, chipika ndi chitseko. Likanenedwa za munthu, agwirizanitsi ake amamuchotsa pagulu la anthu: chilema chija chabwera, chipatseni chakudya. N'chifukwa chake amene adalimbikira kuti tizinena kuti munthu waulumali, munthu wosamva, munthu wachialubino, m'malo mwa chilema, gonthi ndi napweri, sadali kungotengera za azungu. Ankabwezera munthu m'gulu la mu- ndi a-, mmene muli mlamu ndi mkwatibwi. Komabe kusintha liwu ndi chiyambi chabe. Tingathe kutchula munthu ndi dzina laulemu kwinaku tikumukaniza mwana wathu.

Ndidakanizidwapo. Ndili ndi zaka 24 mnyamata wina, mphunzitsi wa pulayimale, adandifunsira, ndipo ndidalola. Tidayenda chaka chathunthu. Nkhani itafika kwa akuluakulu a kwawo, alongo ake adafunsa mafunso amene ndimawakumbukira mpaka lero: adzatunga madzi bwanji, adzabereka mwana kumbuyo bwanji, nanga ana sadzabadwa otero? Poliyo si wakumtundu, amabwera ndi kachilombo, ndipo mphunzitsiyo ankadziwa zimenezi. Koma adalibe nthano ngakhale imodzi yoti aimirepo. M'zonse zimene iye ndi abale ake adamva chibadwire, mudalibe mwamuna wabwinobwino amene adasankha mkazi wotsimphina chifukwa chomufuna, osati chomumvera chisoni, n'kukhala naye mosangalala. Ankhoswe sadakumane. Sindikumuimba mlandu tsopano, zaka zapita. Ndikungonena kuti munthu savuta kubwerera m'mbuyo panjira imene sadaonepo wina akuyendamo.

Mfundo yanga yagona pamenepa. Malamulo tili nawo. Malawi adakhazikitsa lamulo loona za anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 padabwera latsopano limene lidasintha MACOHA kukhala MACODA. Malemu Rachel Kachaje, amene nawonso adadwala poliyo ali mwana ndipo ankayendera njinga ya olumala, adakhala nduna ya boma mu 2013. Mu 2021 Overstone Kondowe adakhala munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, kuimira dera lina la ku Nkhotakota. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino adakwana 134,636. Zonsezi n'zofunika, ndipo amene adazimenyera nkhondo ndimawavulira chipewa. Koma lamulo lingathe kulamula kuti pakhomo pa banki pakhale potsetsereka, silingathe kulamula mtima wa mnyamata kapena pakamwa pa alongo ake. Chimene chimaphunzitsa mtundu wa anthu kuti woyenera kukhumbidwa ndani ndi nthano, nyimbo ndi masewero, makamaka zija zimene timazitcha zachibwana, zowerenga pofuna kusangalala basi.

N'chifukwa chake ndikukana kuchita manyazi kuti bukuli lidandikoma. Lidandikoma monga momwe chimakomera chimanga chootcha, osati monga mankhwala. Mtima unkagunda Violet akuwoloka kamlatho kopapatiza ka miyala mvula ikugwa. Ndinkaseka mwano wa Tairn. Ndipo pamene Xaden adayamba kumuyang'ana ndi maso a mwamuna wofuna mkazi, ine mayi wa zaka zangazi ndidamva kutentha kumaso. Thupi limene mlembi adatha masamba ambiri akutiuza kuti limapweteka, limaguluka, limakulungidwa ndi nsalu, ndi lomwelo limene likukhumbidwa, popanda kulikonza kaye. Zimenezi sindidaziwerengepo m'chinenero chilichonse, ndipo m'Chichewa ndiye sindidazimvepo n'komwe.

Tsono ndiyankhe amene akutsutsa, pakuti ena mwa iwo akunena zoona. Choyamba, bukuli si la ana. Muli mawu otukwana, muli kuphana kochuluka, ndipo nkhani za kuchipinda zalembedwa mosabisa mawu, mopitirira mmene ife tidaleredwera. Ndime zina ndidazidumpha. Sindikupempha alembi athu kuti atengere zimenezo. Chichewa chili ndi njira zake zonenera za mphasa mwaulemu koma momveka, ndipo anamkungwi akhala akuzidziwa kuyambira kale. Chimene ndikupempha n'chakuti mkazi wa ndodo asatsekeredwe kunja kwa chipindacho.

Chachiwiri, bukuli nalonso lili ndi kafungo ka ukaipa dziwa nyimbo. Violet ndi wanzeru kuposa anzake onse, amasankhidwa ndi chinjoka choopsa kwambiri, kenaka ndi chinanso chachiwiri, ndipo amalimbana ndi ululu mwa njira imene thupi lenileni silingapirire tsiku ndi tsiku. Ine ndikagwa pamasitepe ndimagona masiku atatu, sindidzuka kukamenya nkhondo. Woliwerenga mosasamala angatuluke ndi maganizo akuti waulumali aliyense angathe chilichonse atangolimbikira, ndipo maganizo amenewo ndi katundu wina wolemera amene timasenzetsedwa. Komabe ndiyenera kunena kuti Violet sapambana ndi khama lokha. Amapambana ndi mipeni yaing'ono yoyenera dzanja lake, chovala chodzitetezera chimene mkulu wake Mira adamupatsa, nzeru za zitsamba zofooketsa adani asanalimbane naye, chinjoka chimene chimawerama kuti iye akwere, ndi chishalo chija. Ndi nthano ya munthu wothandizidwa amene thandizolo silimuchepetsa.

Chachitatu, mudzati ndi za azungu, zinjoka si zathu. Kodi n'zoona? Nanga Napolo, amene amagona pansi pa phiri n'kutuluka ndi madzi ndi miyala, monga anthu adanenera za Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991, ndipo malemu Steve Chimombo adamusandutsa mutu wa ndakatulo zake? Nanga afisi okweredwa usiku, malichero ouluka, ndondocha ndi mizimu ya m'phiri la Mulanje? Zopangira tili nazo zodzaza nkhokwe. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, nthano ya Africa wa m'tsogolo. Kuno, Lauren Beukes adatenga Hillbrow yemweyu timadutsamoyu n'kumudzaza ndi matsenga m'buku lake Zoo City la 2010, limene lidapata mphoto ya Arthur C. Clarke chaka chotsatira. Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, adayamba kulemba ali m'chipatala, miyendo itafa kwa kanthawi pambuyo pa opaleshoni ya msana ali ndi zaka 19. Buku lake la 2025, Death of the Author, mpangankhani wake ndi mkazi woyendera njinga ya olumala amene ali ndi zibwenzi, ukali ndi zolakwa zake ngati munthu wina aliyense. Koma onani kuti ngakhale iyeyu, m'buku lake la 2011 lotchedwa Akata Witch, adalola matsenga kuchotsera mtsikana wachialubino vuto lake la dzuwa. Khomo la kuchira lija limakoka ngakhale alembi odziwa. Ndipo onani chinanso: mabuku onse ndatchulawa ali m'Chingerezi.

Apa pali bala lina. Ine ndidatha kuliwerenga bukuli chifukwa ndidafika Fomu 4, ndili ndi maso, ndiponso ndili ndi mwana wa achimwene amene adakwanitsa kuligula. Mnzanga wina wosaona, amene timapemphera limodzi, adachita kulimvera pafoni. Mpaka posachedwapa, m'dziko lino kudali kulakwira lamulo la umwini wa mabuku kusandutsa buku kukhala la zilembo za Braille popanda chilolezo cha mwini wake. Bungwe la Blind SA lidatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu September 2022 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene lili ku Braamfontein mu mzinda uno, lidagamula kuti lamulo la 1978 limenelo linkaphwanya ufulu wa anthu osaona. Mu July 2023 chinenero chamanja chidakhala chinenero cha 12 chovomerezeka ndi boma la South Africa. M'buku la Yarros muli mlembi wosamva dzina lake Jesinia, ndipo anzake amalankhula naye ndi manja ngati chinthu cha masiku onse, popanda wina kudziguguda pachifuwa kuti wachita zachifundo. Ndikaika zinthu izi pamodzi ndimaona kuti anthu adapita mpaka kukhoti kumenyera ufulu wowerenga, ndipo ufulu umenewo suthera pa mabuku a sukulu ndi timapepala ta kuchipatala. Wosaona nayenso ali ndi ufulu wopsereza nyemba chifukwa cha nthano yachikondi.

Nanga mtsikana wa ku Mayani kapena ku Katete amene adalekezera Sitandade 6 chifukwa sukulu idali kutali ndi ndodo zake, adzaipeza kuti nthano yotere? Chingerezi cha masamba 500 sachitha. Chichewa amachitha, ndipo foni ali nayo kapena angathe kubwereka. Chiyambire pamene Samuel Ntara adalemba Nthondo m'zaka za m'ma 1930, nthano zaitali za m'chinenero chathu zakhala zikutiphunzitsa mwambo, kutichenjeza za m'tauni ndi kutilangiza za banja. Ntchito imeneyo yagwirika. Koma mtsikana uja sakusowa malangizo, wawamva okwanira. Akusowa usiku umodzi woti adzione ali pakati pa bwalo, wina akumufuna mpaka kusowa tulo.

Choncho pempho langa kwa inu alembi, achinyamata ndi achikulire omwe, ndi ili. Tilembereni nthano imeneyo m'Chichewa. Mpangankhani akhale mtsikana wa chitsulo kumwendo, kapena mnyamata wachialubino, kapena namwali wosamva. Mumupatse Napolo kapena chilombo china chimene mungapeke, ndipo mumupatse womukonda. Musamuchiritse patsamba lomaliza. Musamuphe kuti ena aphunzirepo kanthu. Musamusandutse mngelo: akhale ndi nsanje, aname nthawi zina, akane mwamuna wina chifukwa sadamukonde, pakuti ifenso timakana. Womukondayo asakhale woyera mtima wodzipereka nsembe, akhale munthu amene waona mkazi n'kumufuna. Alongo a mwamunayo afunse mafunso awo aja, chifukwa adzafunsadi, koma nthano iwayankhe. Ndipo musanalembe, khalani pansi ndi eni matupiwo. Afunseni kuti lamba amatupitsa pati m'nyengo yotentha, mafuta oteteza khungu ku dzuwa akatha amatani, kapena zimamveka bwanji dalaivala wa takisi akakuona ndi ndodo n'kupitirira chifukwa ukwera mochedwa. Kuposa apo, inu aulumali amene mumalemba, musadikire kuti ena atilembere.

Ndikudziwa kuti osindikiza mabuku a Chichewa amayang'ana kwambiri mabuku olowa pa silabasi, popeza ndiwo amagulidwa. Koma nthano zachikondi zikuyenda kale pa Facebook ndi pa WhatsApp, chigawo ndi chigawo, ndipo anthu amazidikira ngati malipiro. Njira ilipo. Chosowa ndi mpangankhani ameneyu.

Mu mzinda uno muli basi za Rea Vaya, zimene zidayamba mu 2009. Masiteshoni ake akuluakulu adamangidwa mofanana msinkhu ndi khomo la basi, kotero munthu amangolowa osakwera sitepe. Sizifika kulikonse, ndipo masiku ambiri ndimalimbanabe ndi sitepe ya takisi. Koma tsiku loyamba kulowa m'basi imeneyo popanda wondikoka dzanja, palibe adaombera m'manja, palibe adandiyang'ana, ndidangokhala pampando ngati wina aliyense. Kuwerenga Fourth Wing kudandikumbutsa tsiku limenelo. Ndidalowa m'nthano yachikondi popanda sitepe.

Buku lija ndidalibweza kwa mwini wake lili ndi dontho la supu patsamba lina, ndipo adandikhululukira pondibwereka lachiwiri. Mwezi wathawu ndidadzisokera diresi ya chitenje yolekeza m'mawondo, yoyamba chibadwire, ndipo ndidaivala kutchalitchi chitsulo chili poyera. Amayi ena adayang'ana kumbali, ena adafunsa mtengo wosokera. Amene muli ndi nthano ya kwathu, yakale kapena yatsopano, mmene waulumali adakondedwa osachira, chonde ndiuzeni dzina lake ndi kumene mudaimva. Ndidzakondwa kutsutsidwa.